Ndimayamba ndi Mapazi

Ku Hull kuno, mwezi wa Januwale,
dzuwa limabwera ngati munthu wangongole:
kusuzumira pakhomo, n'kuthawa lisanapatsidwe mpando.
Ine ndimaweruka lisanatuluke,
nditatembenuza nkhalamba khumi ndi zinayi usiku wonse,
kuzipukuta, kuzimwetsa mankhwala,
kuyankha Mai Pickering a m'chipinda chakumapeto
amene amanditcha Doreen,
dzina la mng'ono wawo yemwe anatsogola kalekale.
Ndimavomera. Usiku sukangana ndi dzina.

Chaka chatha ndinagwa.
Osati poterera pamsewu wouma ndi chisanu, ayi,
ndinagwa ndili chikhalire m'basi.
Mtima unkasinja ngati misi iwiri mumtondo umodzi,
foni ikunjenjemera m'thumba:
fizi ya Tiyanjane,
feteleza wakweranso,
malata a kwa mayi akudontha,
abwana akuti kodi ndingabwerenso Loweruka?
Ndinapitirira potsikira panga
mpaka basi inatha msewu,
dalaivala n'kuzimitsa injini, n'kundiyang'ana pagalasi.

Adokotala anati magazi akuthamanga.
Anafunsa kuti ndimasamala anthu angati.
Ndinawerenga zala zonse, ndinabwereka ndi za kumapazi.
"Nanga inuyo, amakusamalani ndani?"
Ndinayang'ana nsapato zanga.

Ndiye masiku ano ndimayamba ndi mapazi.
Ndikangolowa m'nyumba, jekete lisanaume,
beseni, madzi ofunda, mchere wodzaza dzanja.
Ndimawaviika, ndimawapepesa,
ndimawadzoza mafuta chala ndi chala
monga ndichitira ndi mapazi a Bambo Hollis
amene sananenepo zikomo, koma amatsinzina.
Nanenso ndimatsinzina.

Foni imagona m'kabati ya mbale mpaka masana.
Poyamba ndinkaimva ikulira ngakhale ili chete.
Dziko silinathe.
Malata anadikira, feteleza sanatsike,
koma ine ndinagona maola asanu ndi limodzi,
makatani otseka, mbalame za kunyanja zikukangana padenga.

Pazenera pali chitini cha mpiru.
Mbewu ndinapatsidwa ndi Nachisale wa ku tchalitchi,
atazikulunga m'kapepala ka lisiti.
Wamera wowonda, wotumbuluka, wopendekera kugalasi,
kufunafuna dzuwa ngati ine ndemwe.
Sudzakwana ndiwo, ndikudziwa.
Ndimauthirira basi,
ndipo ukamwa, nane ndimamwa kapu yanga.

Madzulo ndisanapite ku ntchito
ndimayenda m'mbali mwa Humber,
mtsinje wamatope, wotakata, wosadziwa dzina langa.
Mphepo imandimenya makofi, ndimailola.
Ndimakoka mpweya: chimodzi, ziwiri, zitatu, zinayi,
ndimautulutsa pang'onopang'ono
ngati ndikuuzira moto wa nkhuni zaziwisi.
Pali bambo wina wa galu wamiyendo itatu,
timagwedezerana mutu.
Galuyo sadandaula, amangodumphira kutsogolo.

Mawu ovuta kwambiri ndinawaphunzira mochedwa,
ndili ndi imvi ziwiri pachipumi:
"Loweruka sindibwera."
Lilime linalemera ngati thumba la simenti.
Ndinawanena pagalasi la kubafa katatu,
kenako ndinawanena kwa abwana.
Anangolemba dzina la wina.
Zaka zonsezi, kani zinali choncho?

Sikuti ndachira.
Alipo masiku amene beseni limakhala louma,
ndimagona ndi yunifolomu, ndimadya mabisiketi ndili chiimire,
ndimalira m'chimbudzi cha kuntchito
mpope ndili wotsegula kuti asandimve.
Koma m'mawa mwake ndimatenthetsanso madzi.
Amati pang'onopang'ono ndi mtolo;
wangawu ndi wa tinthu tosaoneka,
mchere, tulo, mpweya, kamphindi ka pazenera,
ndipo ndi mtolo wokhawo
umene ukamakula, khosi limapepuka.

Dzulo usiku Mai Pickering anandigwira dzanja.
"Doreen, manja ako afunda lero."
Ndinati inde, mayi.
Ndinayamba ndawafunditsa kunyumba.